Nkhomo Zitatu M'dzanja la a Benesi

Lamya ya pakhoma inalira ine manja ali m'madzi, ndikutsuka makapu, kunja sinowo ikugwa ngati ufa wosefa. Ndinapukuta manja pachitenje, ndinanyamula, ndipo mbali inayo kunali kupuma kokhakokha, wefuwefu, ngati munthu wakwera phiri.

"Ndani kodi?"

"Achemwali," anatero mawuwo, "akubwera."

"Akubwera ndani, achimwene?"

"Pasipoti yatuluka. Akwera ndege Lachinayi. Akubwera, achemwali, akubwera!"

Mayo ine! Ndinaiponya lamyayo, inatsala ikulendewera pachingwe chake, ine nthungululu m'khitchini, nthungululu m'pasiji, mpaka mzungu wa nyumba ya m'munsi anagogoda denga lake ndi tsache. Gogodani bambo, gogodani, lero simundiletsa.

Amene anaimba lamyayo ndi a Yesaya Mbewe. Sabata ino chakwana chaka chiwagonekere m'dothi lozizira la kuno ku North York, m'dziko la Canada, ndiye ndati ndiwalembe asanazilale m'mitu ya ana. Ine ndine NaJere wa ku Ntcheu. Ndinabwera kuno kudzalera adzukulu, poti mwana wanga Esnati ndi namwino ndipo ntchito yake ilibe Sabata. Sukulu ndinaionera pawindo, zilembozi ndaphunzira imvi zili kale m'mutu, ndiye zikapendama, pendamani nazo.

A Mbewe ndinayamba kuwamva ndisanawaone. Ndinali ndi mwezi umodzi m'dziko lino, ndili pansi penipeni pa nyumba yathu yosanjayi, m'chipinda cha makina ochapira, ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi kwathu kuti ndisalire. Kuseri kwa khoma kunatuluka besi. Besi ya Chichewa, abale, kuno kumathero a dziko! Koma besi yophonya, yoyenda njira yakeyake ngati mbuzi yoduka chingwe. Ndinasuzumira, ndinapeza nkhalamba yaitali, yakuda bii, tayi pakhosi, manja aakulu ngati makasu.

"Mwaiyambira pamwamba kwambiri, mayi," anatero, moni asanapereke.

"Inu ndi amene mwagwera m'dzenje, bambo," ndinayankha.

Mkangano umenewo tinautenga zaka zisanu ndi zitatu osautha. Tinakangananso za mchere, poti ankathira m'ndiwo asanalawe. Tinakangana za chikepe, poti ankati bokosi lokwera lopanda woliyendetsa ndi la amizimu, ndipo ankakwera masitepe mpaka nsanjika yachisanu ndi chiwiri, akupuma pa yachitatu kuti awerenge nyuzi. Kuyambira tsiku limenelo iwo anali achimwene, ine achemwali, ngakhale sitinayamwe bere limodzi.

Munthu ameneyu anayenda, anthuni. Anachoka ku Limbe ali mnyamata, anakaphika ku Halale, anatsikira ku Kepitauni, anakwera sitima ya pamadzi akusenda mbatatesi, anadzatulukira ku Hamilton kuno ku Canada kumene anasesa m'fakitale ya zitsulo mpaka chifuwa chinakana. Kenako anadzakhala wokankha mabedi a odwala m'chipatala. Ankati pa ntchito zonse imeneyi ndiyo ya ulemu, chifukwa munthu wopita ku opaleshoni nkhope yomaliza imene amaiona ndi ya womukankha, ndiye nkhopeyo izikhala yometa bwino. Mkazi analibe, mwana analibe. Amayi a kutchalitchi anayesa kuwapezera, namwino wina wa ku Mulanje, mayi wina wamasiye wa ku Chipata. Iwo ankangovula chipewa, kuthokoza, ndi kufunsa za mvula.

Koma bawo! Pafupi ndi chipinda chochapira chija pali chipinda china cha matebulo, ndipo Loweruka masana chimadzaza. Ajamaika ndi madomino awo, kumenya tebulo pha! ngati akupha njoka. Nkhalamba za Chitaliyana ndi makadi. Amwenye amene anathamangitsidwa ku Uganda ndi thabwa lawo lothira paudala. Ana a ku yunivesite, tsitsi mpaka m'mapewa, mabuluku otambalala kumiyendo, atayala mapu patebulo ndi tiasilikali tachitsulo, kugubuduza madayisi, kukangana tsiku lonse za chinjoka chimene palibe anachionapo. Pakona ya kuwindo, a Mbewe ndi bawo yawo ya maenje makumi atatu ndi awiri, imene anasema okha, mabulo a ana m'malo mwa nkhomo.

Ndinaona ndi maso angawa aphunzitsi a masamu a ku yunivesite atuluka thukuta pakona imeneyo. A Mbewe sankawerenga ndi chala. Ankangoyang'ana thabwa, phee, milomo ikugwedera pang'ono, kenako dzanja lija lizungulire, tho, tho, tho, kudya apa, kudya apo, mzere wa mnzawo uyere ngati munda wopita dzombe. Ankati wowerenga ndi chala sanayambe kusewera, akadali kupempha moto. Ankati nkhomo ukazinyamula wazinyamula, sizibwerera m'dzenje, ndipo pa chimenechi sankakhululukira ngakhale mwana wa zaka zisanu. Ankatinso masewera osatha ali ngati maliro osaika, ndipo munthu akafuna kuthawa pakati poti basi imusiya, ankamugwira jekete. Ana a zinjoka aja anasiya zinjoka zawo mmodzimmodzi, kubwera kudzagwada pakona, ndipo mtsikana wina dzina lake Debora anafika mpaka pomatukwana m'Chichewa akadyedwa.

Kumaliro kwawo chaka chatha onsewa anabwera. Mjamaika wina wamkulu ngati chitseko analira mpaka kumugwirizira. Koma za maliro ndifikako, ndiyambe ndaulula tchimo langa.

M'nyumba mwawo munali bawo yachiwiri. Inkakhala patebulo laling'ono pafupi ndi windo, yovundikira nsalu yoyera, ndipo adzukulu anga ankauzidwa kuti asayandikire. Ine ndinkati lamulolo ndi la ana. Chaka china a Mbewe anagonekedwa m'chipatala, opaleshoni ya m'mimba, ndipo anandisiyira kiyi kuti ndizithirira duwa lawo. Kwathu wodwala sabwerera m'nyumba ya fumbi, imeneyo ndi ntchito ya mlongo. Ndinasesa, ndinakolopa, ndinachapa makatani. Ndinavundukula nsalu ija, ndipo ndinapeza nkhomo zenizeni za kumudzi zitamwazikana m'maenje, apa ziwiri, apa zisanu, apa palibe, zina zitatu zili pamphepete penipeni kunja kwa dzenje, fumbi mbuu. Ndinati amuna ndi amuna basi. Ndinazitola zonse, ndinazitsuka ndi sopo, ndinazipaka mafuta kuti ziwale, ndinaziika m'mbale. Ndinabwerera kwathu ndikuimba.

Tsiku lotuluka m'chipatala ndinawaperekeza mpaka pakhomo, ndikudikira zikomo wanga. Anaona thabwa lili mbee, anaona mbale. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangotsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, munthu wa chilonda chosoka pamimba, ndipo anati, "Achemwali, mwachita chiyani?" Mawu aang'ono, ngati a mwana. Kenako anandipempha kiyi wawo.

Milungu iwiri, zii. Pakona ya kuwindo palibe munthu. Ndinati ndikapepese mwachikwathu, ndi nkhuku. Koma nkhuku ya kuno mukuidziwa, yopanda mutu, yopanda nthenga, youma gwa ngati mwala, ya m'pulasitiki. Ndinagwada nayo pakhomo pawo, ikundiotcha manja ndi kuzizira. Anatsegula, anayang'ana ine, anayang'ana nkhuku.

"Imeneyi inafa liti?"

"Sindinali pamaliro pake, achimwene."

Anaseka, kuseka kuja kunatembenuka misozi, ndipo anandilowetsa. Pathabwa anali atabwezera nkhomo, mizere itatu yodzaza bwino, zitatu zija pamphepete. Koma mzere wachinayi, wakumbuyo kwa mbali inayo, unali wopanda kanthu, ndipo m'mbale munali nkhomo zotsala.

Anandiuza atayang'ana kuwindo. Ku Limbe kunali telala wina wachinyamata, dzina lake Benesi, wosokera pakhonde la sitolo ya mmwenye pafupi ndi siteshoni. Ankasewera bawo pakhondepo tsiku ndi tsiku akaweruka. Ndipo ankakondana. Osati za chinzake chabe ayi, anatero a Mbewe, musandimve mopepuka. Ankakondana monga mwamuna ndi mkazi wake amakondanira. Anthu anayamba kunong'ona. Tsiku lina masewera ali pakati, Benesi atangonyamula nkhomo zitatu kuti ayende, anatulukira amalume awo a Mbewe, ndipo pamaso pa khonde lonse anafunsa kuti kodi zimene akumvazi ndi zoona, kodi telalayu ndi ndani wako. A Mbewe anaimirira ndi kunena kuti munthuyu sindimudziwa, timangokumana pabawo. Benesi dzanja lili m'mwamba. M'mawa mwake a Mbewe anali m'sitima ya ku Halale.

"Petulo analira tambala atalira," anatero. "Ine ndinakagula tikiti."

Kulikonse kumene ankafika ankayala masewera aja mmene anawasiyira, dzenje ndi dzenje, ndipo zitatu za m'dzanja la Benesi ankaziika pamphepete. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Koma pano pa North York thabwa linakhala zaka zambiri osasuntha, maso ndi amene ankasunga, mutu unasiya ntchito. Tsopano mzere wakumbuyo wa Benesi unali utathawa.

Ine ndinakulira m'tchalitchi, ndipo zimene ndinamva sizinali m'nyimbo iliyonse imene ndinaphunzitsidwa. Ndinakwera kwathu, ndinakhala masiku atatu ndikukangana ndi Mulungu pa sinki. Koma chinkandibwerera ndi fumbi lija. Malemu amuna anga anapita ku Joni zaka zitatu zokha, anabwerako ataiwala dzina la mwana wachiwiri. Uyu wanyamula mzere ndi mzere kuwoloka nyanja zamchere, osataya ndi imodzi yomwe, mpaka ndinabwera ine ndi sopo wanga. Chinthu chotere ndingachitche chiyani ine NaJere? Ndinachita mantha, mantha aja amakugwira ukaima pansi pa phiri la Mulanje.

Tsiku lachinayi ndinatsika.

"Alembereni kalata."

"Mwapenga, achemwali."

"Mwini mzere ndi amene angaukumbuke. Afunseni."

"Mwina anafa. Mwina akangoona dzina langa ayatsira mbaula."

"Ndiye mudziwa. Si inu mumagwira anthu majekete pansipa? Si inu mumati masewera osatha ndi maliro osaika? Anu akununkha, achimwene."

Anandithamangitsa. Koma mayi wina wa ku Hamilton, aNaTembo, anali atangobwera kumene kuchokera kumudzi, ndipo nditawafunsa mozungulira anati ee, pakhonde lija pakadali telala wokalamba wa magalasi omanga ndi ulusi. Ndinagula kalata ya buluu ya pandege, ndinaikankhira pansi pa chitseko chawo. Anaibweza. Ndinaikankhanso. Ulendo wachitatu sinabwere.

Anandiwerengera zimene analemba, mizere itatu basi. Moni, ndine Yesaya, ndaiwala mzere wanu wakumbuyo, kodi mukuukumbuka? Ndinati pepani ali kuti m'menemu? Anati amene akumva amva. Tinaopanso china, poti masiku ano makalata a kumudzi amatsegulidwa m'njira, ndipo yankho lodzaza manambala wina akhoza kuliyesa ndale, telala wosalakwa n'kukagona kozizira. Miyezi inayi a Mbewe ankatsika masitepe katatu pa tsiku kukatsegula kabokosi ka makalata. Anaonda, tayi inayamba kulendewera. Ine ndinkapemphera kuti Ambuye, ngati munthu uyu afa ndi kudikira, wamupha ndi NaJere.

Yankho linabwera masamba a mitengo atafiira. Analitsegula ndi mpeni patebulo langa, ndipo mawu ake ndinawasunga ngati vesi.

"Yesaya. Kuyambira kumanzere kwanga: ziwiri, palibe, imodzi, zinayi, palibe, ziwiri, imodzi, zitatu. Unaiwala bwanji, mbuli iwe? Mkazi amene anandipatsa anali munthu wabwino, anagona zaka zisanu zapitazo. Ana anakula. Zitatu zija sindinaziike pansi. Dzanja latopa. Bawo sasewera pa positi."

A Mbewe anatsika kwawo, ine pambuyo. Anatenga mbale ija, anayamba kugwetsa, ziwiri, kudumpha, imodzi, zinayi. Atafika dzenje lomaliza, m'mbale munatsala mbee. Osatsala ndi imodzi, osaperewera ndi imodzi. Anthu awiri, wina ku Limbe wina ku Canada, osalankhulana chiyambire ine ndili ndi mwana kumsana, ndipo nkhomo zikukwana ndendende!

Pasipoti inatenga chaka china chathunthu, ndiye mwamva chimene ndinalulutira pa lamya paja.

Ku eyapoti ndinakhumudwa, ndisabise. Ndinanyamula chijasi cha mkamwini wanga choti mlendoyo avale, ndinakonzeka kulira. Anatuluka kamunthu kakafupi, kadazi, suti yosoka bwino koma yopyapyala ngati ya ukwati wa mu Okutobala. Nkhalamba ziwiri zinagwirana chanza ngati pamaliro a munthu wa mudzi wina.

"Mwayenda bwanji?"

"Bwino, kaya inu. Mwakalamba."

"Mvula kumudzi?"

"Yachedwa."

Basi! Njira yonse m'galimoto ya Esnati, mvula ndi mitengo ya nsalu. Ndinatsina mwana wanga, iye anati, "Amama, asiyeni."

Loweruka a Mbewe anatsika masitepe onse atanyamula bawo ya nsalu yoyera ngati mbale ya mgonero, pang'onopang'ono kuti nkhomo ingasunthe. Mbiri inali itamveka kuti kwabwera mlendo wa kumudzi, ndipo Amalawi kuno ndife owerengeka, mlendo ndi chikondwerero. Anabwera a ku Hamilton, anabwera a ku Markham. Chipinda chinadzaza, mandasi patebulo la madomino. Anabweranso a Nkhoma, mkulu wa mpingo, munthu wolungama koma wa mafunso. Anapereka moni kwa a Benesi ndi manja awiri, kenako anatembenukira kwa a Mbewe, mokweza kuti onse amve.

"Nanga alendowa tiwalandire kuti ndani wanu, a Mbewe? Ndi achibale? Kapena ndi anzanu a pabawo chabe?"

Funso lomwe lija, lawoloka nyanja, lavala jasi, latipeza. Ndinaona a Benesi akuyang'ana pansi, dzanja lili m'thumba la suti. Ndinaona a Mbewe akuyang'ana chitseko. Ndinati Ambuye, tambala asalire kawiri.

A Mbewe anaimirira, anakonza tayi.

"A Nkhoma, awa ndi a Benesi. Ndinawakana ku Limbe pamaso pa anthu, ndiye ndiwavomere pamaso pa anthu. Sindinakwatire chifukwa malo anali ndi mwini wake. Mwini wake ndi awa. Ndi anga, ndipo akandilola, ine ndine wawo."

Zii. Ngakhale madayisi a ana aja anaima, osamva Chichewa koma akumva. A Nkhoma anatenga chipewa, anatuluka. Mayi wina anakoka mwana wake kumuika kumbuyo. Ndipo pakhosi panga panatuluka nthungululu ndisanaitume, yaitali, ya paukwati, mpaka mkamwini wanga anabisa nkhope.

A Benesi anatulutsa mpango m'thumba, anamasula mfundo, ndipo munali nkhomo zitatu zakale, zakuda ndi thukuta la m'manja, zosalala ngati maso a ng'ombe. Anakankhira pambali zitatu za pamphepete zija. "Khala pansi, Yesaya. Ndimayenda ndine."

Tho. Tho. Tho. Kudya. Kuzungulira, kudyanso. A Mbewe anayenda kamodzi, a Benesi anabweranso, ndipo madzi a tiyi asanawire mzere wakutsogolo wa a Mbewe unali mbee. Katswiri wa North York yense, wogwetsa aphunzitsi a masamu, wadyedwa ngati mwana! Debora anagwira pakamwa.

"Ndinkadziwa," anatero a Mbewe, misozi ikutsikira m'tayi. "Ndaliyang'ana thabwali zaka zonsezi. Panalibe pothawira. Ndinkadziwa kuti undidya."

"Ndiye unathawira chimenecho mpaka kuno kozizira?" anatero a Benesi. "Ukanangonena, ndikanakusiyira. Pukuta mphuno. Yala zina."

Anayala zina. Anayala zaka zinayi, abale, tsiku ndi tsiku, kukangana ngati ana, wina kunena mnzake wakuba, wina kunena mnzake wakhungu. A Benesi anawasokera a Mbewe malaya asanu ndi limodzi ndipo anawaphunzitsa kukwera chikepe atawagwira mkono. Besi ija sinawongoke, koma inayamba kumveka m'mawa. Ena a kutchalitchi anasiya kuwapatsa moni, ena anayambiranso, ena mpaka lero. Chifuwa cha ku Hamilton chija chitabwerera kudzawatenga, a Benesi ananyamula bawo kupita nayo kuchipatala, ndipo masewera omaliza anawamaliza pabedi, a Benesi akuwayendetsera dzanja. Pamaliro, mpando wa kumutu kwa bokosi, umene kwathu umakhala wa mwini maliro, unakhala kanthawi wopanda munthu, aliyense akuyang'ana mnzake. Amene anakagwira a Benesi pamkono ndi kuwakhazika pamenepo anali a Nkhoma.

Dzulo ndinatsika kukawaona a Benesi. Mpando wa a Mbewe uli pomwe paja pafupi ndi windo, khushoni yake ikadali ndi dzenje la munthu wamtali. Chipewa chili pamsomali. Duwa lija lakula mpaka kukhudza katani. Bawo ili patebulo, yosavundikira, maenje onse opanda kanthu, nkhomo zonse m'mbale, zitatu zakuda zili pamwamba. Ndinaima patali, manja kumbuyo, poti ndinaphunzira.

"Pukutani fumbi, achemwali," anatero a Benesi. "Musaope. Tinamaliza."

Ndinapukuta ndikuimba, ndipo ndinaiyambira pamwamba dala, mwina wina angandidzudzule.

Tsono amene anaona Loweruka lija ndiwatchule, kuti mawa wina asadzati NaJere anapeka. Analipo Esnati mwana wanga ndi mwamuna wake Filipo wobisa nkhope. Analipo adzukulu anga Chikondi ndi Grace, ofunsa "What happened, Gogo?" mpaka kutopetsa. Analipo aNaTembo a ku Hamilton amene anaona magalasi omanga ndi ulusi, ndi amuna awo a Zulu a ku Chipata amene anavina ngoma popanda ng'oma. Analipo a Kachingwe a ku Markham ndi mandasi awo olimba. Analipo aNaPhiri namwino wa ku Mulanje, yemwe uja anakanidwa, amene anaseka nati tsopano ndamvetsa, si nkhope yanga. Analipo Winston wa madomino, analipo Salvatore wa makadi, analipo a Rashida a thabwa la paudala, analipo Debora ndi anyamata ake a zinjoka. Analipo a Nkhoma, amene anatuluka ndi chipewa, naima m'pasiji, nabwereranso pa chitseko poti mtima sunawalole kupita osadziwa wopambana. Ndinalipo ine NaJere, wa sopo. Analipo a Benesi, dzanja lawo litapumula pabondo. Ndipo analipo a Yesaya Mbewe, atadyedwa nkhomo zonse, akuseka mano onse pamtunda.